Kodi Chimagamula Mlandu N'chiyani: Umboni Kapena Mtima wa Woweruza?

Aliyense amene adakulira ku Midzemba, kumunsi kwa boma la Neno, adakhalapo pa bwalo la milandu ngakhale kamodzi kokha. Mwina adaitanidwa monga mboni, mwina adangotsatira amalume ake, mwinanso adaima kumbuyo kwa khamu kuti amvere. Milandu yake njodziwika: mbuzi zalowa m'munda wa chimanga, malire a dimba asunthidwa usiku, banja lagwedezeka ndipo ankhoswe alephera kulikonza. Wodandaula amafotokoza, woyankha naye amafotokoza, mboni zimaitanidwa, nduna zimafunsa mafunso, ndipo dzuwa likapendeka amfumu amagamula. Pobalalika, amene wapambana amati chilungamo chaoneka, pamene wogonja amang'ung'udza m'njira kuti amfumu adali atagamula kale mumtima mlandu usanayambe.

Tsono funso lathu lero nali. Kodi chimene chidafikitsa woweruza pa chigamulo chimenecho n'chiyani? Akadayamba kulankhula woyankha, kapena mlandu ukadazengedwa m'mawa anthu asanatope, kodi mathero ake akadakhala omwewo? Kale funso lotere lidali lokambirana pa mowa ndi pa maliro basi. Koma kwa zaka zoposa 60 tsopano, akatswiri a m'masukulu a ukachenjede akhala akuliyesa mwa kuwerenga milandu zikwizikwi ndi kuyesa oweruza eni ake. Zimene adapeza n'zoyenera kuti mphunzitsi aliyense ndi wachinyamata aliyense wotsiriza sukulu azidziwe, popeza dziko lathu lasintha kangapo maganizo ake pa nkhani ya amene ayenera kuweruza munthu woganiziridwa kuti wapha mnzake.

Mlandu wa ku Thambani

Mpaka chaka cha 2003 dera lonse la Neno lidali mbali ya boma la Mwanza, kotero nkhani ya ku Thambani ndi ya kwathu komwe. Mu Meyi 1983 nduna zitatu za boma, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu wa ku Chikwawa, a David Chiwanga, adapezeka atafa kumeneko. Boma la nthawi imeneyo lidalengeza kuti idali ngozi ya galimoto. Ulamuliro utasintha mu 1994, bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi Jaji Michael Mtegha lidapeza kuti anayiwo adachita kuphedwa ndi apolisi. Mu 1995 Dr. H. Kamuzu Banda, a John Tembo ndi ena adaimbidwa mlandu wopangana chiwembu cha imfa zimenezi.

Mlanduwo udamvedwa ndi gulu limene pa Chingerezi amalitcha jury. Limeneli ndi gulu la anthu wamba, osaphunzira malamulo, amene amasankhidwa kuti amve umboni ndi kunena ngati munthu ali wolakwa kapena ayi. Jaji amawafotokozera lamulo, ndipo munthu akapezeka wolakwa, jajiyo ndiye amapereka chilango. Pa 23 Disembala 1995 gululo lidapeza oimbidwa mlandu aja osalakwa. Boma lidachita apilo, koma mu 1997 bwalo la Supreme Court lidakana apiloyo. Sitili pano kuzenganso mlanduwo. Tikungokumbutsana mau amene adamveka m'mabasi ndi m'misika masiku amenewo, ena akuti anthu wamba adaona bwino, ena akuti jaji wophunzira akadakhala yekha sakadatero.

Mkangano wotere sudayambe mu 1995. Pakati pa 1968 ndi 1970 anthu ambiri adaphedwa usiku m'nyumba zawo ku Chilobwe ndi madera ena a Blantyre. Ena amene adagwidwa adamasulidwa ndi Bwalo Lalikulu kaamba kakuti umboni udali wosakwanira, ndipo boma lidakwiya. Mu 1969 lamulo lidasinthidwa, kotero kuti kuyambira 1970 milandu yakupha idayamba kuzengedwa m'makhoti otchedwa Traditional Courts. M'makhoti amenewa mafumu ndiwo adali ochuluka pa mipando ya oweruza, ndipo woimbidwa mlandu sadali kuloledwa kukhala ndi loya. Ngakhale adatchedwa a miyambo, adali osiyana kwambiri ndi bwalo la m'mudzi, chifukwa oweruza ake adali kuikidwa ndi kuchotsedwa ndi boma. Mumenemo ndimo a Orton Chirwa ndi mayi Vera Chirwa adagamulidwa kuti aphedwe mu 1983. Chilangocho chidasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse, ndipo a Orton adamwalira m'ndende ya Zomba mu 1992.

Makhoti amenewo adaimitsidwa mu 1993, ndipo mu ulamuliro wa zipani zambiri milandu yakupha idaperekedwa kwa jaji pamodzi ndi jury. Koma kusonkhanitsa anthu, kuwanyamula ndi kuwadyetsa kudali kodya ndalama, ndipo oganiziridwa adali kukhala zaka zambiri m'ndende akudikira tsiku lawo. Pofika chaka cha 2010 boma lidali litaimitsa jury pa milandu yakupha, jaji n'kutsala yekha. Motero m'zaka 40 zokha tidayesa mafumu, tidayesa anthu wamba, tidayesanso jaji payekha. Kusintha koyamba kudadza ndi mkwiyo, kotsiriza kudadza ndi kuchepa kwa ndalama. Nanga kafukufuku akuti bwanji?

Jaji ndi anthu wamba pa sikelo

Oyamba kuyesa nkhaniyi mozama adali Harry Kalven ndi Hans Zeisel a ku yunivesite ya Chicago ku America, amene adafalitsa zotsatira zawo mu 1966. Njira yawo idali yapafupi. Adapempha majaji oposa 500 kuti pa mlandu uliwonse wozengedwa ndi jury azilemba chimene gululo lagamula, ndiponso chimene iwo eni akadagamula akadakhala okha. Adasonkhanitsa milandu 3,576. Pa milandu 100 iliyonse, jaji ndi anthu wamba adagwirizana pa milandu 78. Pa milandu 19 anthu wamba adamasula munthu amene jaji akadampeza wolakwa, ndipo pa milandu 3 yokha ndi pamene anthu wamba adali ouma mtima koposa jaji.

Chinanso chimene adaona n'chakuti kusiyanako sikudakule pa milandu yovuta kumvetsa, monga akadayembekezera amene amati anthu wamba samva zakuya. Kusiyana kudali kubuka makamaka pamene umboni wa mbali ziwiri udali wolingana mphamvu. Pamenepo ndi pamene chisoni, kapena kuona kuti lamulo laposa msinkhu wa cholakwa, zidapeza mpata wolowera. Phunziro loyamba tsono nlotonthoza mtima: kawirikawiri umboni ndiwo umagamula mlandu, kaya pa mpando pali wovala mkanjo kaya mlimi. Koma milandu 22 yotsalayo si yochepa ayi, makamaka kwa munthu amene khosi lake lili pa mlandu umodzi mwa imeneyo.

Mphamvu ya nkhani yolongosoka

Nancy Pennington ndi Reid Hastie adafuna kudziwa zimene zimachitika m'mutu mwa munthu pamene akumva mboni. Adapeza kuti munthu samaunjika mfundo ngati wogulitsa tomato pa msika. Iye amaluka nkhani, yokhala ndi chiyambi, chifukwa ndi mathero, ndipo mipata yosoweka amaidzaza ndi zimene adaziona pa moyo wake. Mu 1988 adayesa izi popereka umboni umodzimodzi wa mlandu wakupha kwa magulu osiyana, nangosintha dongosolo lake. Pamene umboni wa boma udaperekedwa motsata m'mene zinthu zidachitikira, wa woimbidwa mlandu n'kuperekedwa modumphadumpha, anthu 78 pa 100 adati munthuyo ngwolakwa. Atatembenuza dongosololo, amene adatero adali 31 okha. Mfundo zidali zomwezo, chidasintha ndi kayalidwe kake.

Amene adakhalapo pa bwalo la ku Midzemba sangadabwe nazo izi. Timawadziwa anthu a pakamwa pothwa, amene akaima kufotokoza za mbuzi yawo, ngakhale ana amakhala chete. Timawadziwanso amayi achikulire amanyazi, amene amayambira nkhani pakati, nabwerera m'mbuyo, naiwala tsiku. Wachiwiriyu akhoza kukhala mwini choonadi, koma khutu la munthu limakonda nkhani yoyenda bwino. Apa ndi pamene timaona kuopsa kwa kumana munthu loya pa mlandu wa imfa, monga zidaliri kuyambira 1970, pakuti ntchito yaikulu ya loya ndiyo kuyala nkhani ya munthu amene sangathe kudziyalira yekha.

Mboni nayonso ili ndi zofooka zake, ngakhale ikhale yosanama. Mu 1974 Elizabeth Loftus ndi John Palmer adaonetsa ophunzira kanema wa ngozi ya magalimoto, nawafunsa za liwiro lake. Amene adafunsidwa ndi mau otanthauza kuti magalimoto adaphwanyana adati liwiro lidali pafupifupi mamailosi 41 pa ola. Amene adafunsidwa ndi mau otanthauza kuti adangokhudzana adati pafupifupi 32. Pa kuyesa kwachiwiri, patapita sabata imodzi, anthu 16 mwa 50 amene adamva mau a kuphwanyana adati adaona magalasi osweka, pamene m'kanemamo mudalibe galasi losweka ngakhale limodzi. Mwa 50 amene adamva mau a kugundana, amene adatero adali 7. Funso lokha lidawonjezera zinthu m'chikumbumtima cha mboni. Nduna imene imafunsa kuti, "Paja mudamuona akuthawa ndi mbuzi, si choncho?" yapatsa kale mboniyo yankho.

Jaji naye ndi munthu

Wina anganene kuti zonsezi n'za anthu wamba, ophunzira malamulo sagwa m'mbuna zotere. Ku Germany, mu 2006, Birte Englich, Thomas Mussweiler ndi Fritz Strack adapatsa ophunzira malamulo amene adali atayamba kale kugwira ntchito m'makhoti mlandu wa mayi wobwerezabwereza kuba m'masitolo. Asanapereke chilango, aliyense adauzidwa kuponya madayisi a masewera, ndipo nambala yotulukayo adailemba ngati miyezi imene woimira boma wapempha. Madayisiwo adali okonzedwa kuti azitulutsa 3 kapena 9. Onse adadziwa kuti nambalayo yachokera ku dayisi, komabe amene adaponya 3 adapereka chilango cha miyezi pafupifupi 5, pamene amene adaponya 9 adapereka pafupifupi 8. Nambala yoyamba kumveka imakhala ngati chikhomo chomangirapo mbuzi: imayendayenda ndithu, koma siipita kutali ndi chikhomocho.

Kufupi ndi kwathu, ku Kenya, Donghyun Danny Choi, J. Andrew Harris ndi Fiona Shen-Bayh adawerenga maapilo pafupifupi 10,000 a milandu ya upandu a pakati pa 2003 ndi 2017, ndipo adafalitsa zotsatira mu 2022. Adapeza kuti wochita apilo wa mtundu umodzi ndi jaji adali ndi mwayi wopambana woposa wa anzake ndi milandu 3 mpaka 5 pa 100 iliyonse. Pa mlandu umodzi tsankho lotere silingaoneke, ndipo jaji mwini wake akhoza kulumbira moona mtima kuti alibe. Limaonekera pokhapokha milandu yambiri itaikidwa pamodzi n'kuwerengedwa.

Komabe tichenjere, pakuti ofufuza nawonso ndi anthu. Mu 2011 kudatuluka kafukufuku wa ku Israel amene adatchuka pa dziko lonse. Adawerenga zigamulo 1,112 za majaji asanu ndi atatu oona zopempha za akaidi ofuna kutulutsidwa msanga. Zidaoneka kuti majaji akangochoka kokadya, pafupifupi 65 pa 100 mwa opemphawo adali kuvomerezedwa, koma pofika nthawi yopumanso pafupifupi onse adali kukanidwa. Anthu adathamangira kunena kuti chilungamo chimadalira m'mimba mwa jaji. Posakhalitsa akatswiri ena adaonetsa kuti milanduyo sidali kubwera mwachisawawa, popeza akaidi opanda loya, amene kawirikawiri amakanidwa, adali kuitanidwa kumapeto. Choncho njala siingasenzetsedwe mlandu wonse. Wophunzira wanzeru akamva chiwerengero chodabwitsa, ayambe wafunsa kuti chidawerengedwa motani.

Zimene akaidi a imfa adatiphunzitsa

Dziko lathu lili ndi umboni wakewake wosonyeza kuti chigamulo chimasintha malinga ndi zimene woweruza waloledwa kumva. Kale munthu akapezeka wolakwa pa mlandu wakupha, lamulo lidali kukakamiza jaji kupereka chilango cha imfa, osayang'ana msinkhu wake, matenda ake kapena chimene chidamfikitsa pamenepo. Pa 27 Epulo 2007, pa mlandu wa Francis Kafantayeni ndi anzake, Bwalo Lalikulu lidagamula kuti kukakamiza kotereku n'kosemphana ndi malamulo oyendetsera dziko. Kuyambira 2015 akaidi amene adali atagamulidwa motero adayamba kubwezedwa ku khoti kuti chilango chawo chionedwenso.

Ntchitoyi idagwiridwa ndi bungwe la Malawi Human Rights Commission pamodzi ndi Paralegal Advisory Service Institute, maloya a boma ndi a yunivesite ya Cornell ku America. Othandiza pa zamalamulo adayenda m'midzi kukafunsa mafumu, achibale ndi anansi za moyo wa mkaidi aliyense. Majaji adamva tsopano zimene sizidamveke poyamba: kuti wina adali wamng'ono pa nthawi ya mlandu, wina adali wodwala mutu, wina sadali wotsogolera chiwembu. Mwa akaidi oposa 150 amene milandu yawo idaonedwanso, palibe ndi mmodzi yemwe amene adapatsidwanso chilango cha imfa, ndipo oposa 100 adatuluka m'ndende.

Pambuyo pake ofufuza adafunsa mafumu 102 a m'midzi imene akaidi aja adachokera, ndipo oposa 90 mwa iwo adati sagwirizana ndi chilango cha imfa pa mlandu wakupha. Tikumbukire kuti mu 1969 mafumu adaitanidwa ku khoti poyembekezera kuti adzakhala ouma mtima koposa majaji. Atafunsidwa mwaufulu, ataonanso ndi maso awo anthu amene adabwerera kumudzi, mayankho awo adali ena.

Kubwerera ku bwalo la kwathu

Pali chinthu chimodzi chimene makolo a mu Africa adachidziwa ofufuza asanachiwerenge. Kalven ndi Zeisel adapeza kuti pa milandu pafupifupi 9 mwa 10, mbali imene idali ndi anthu ambiri pa voti yoyamba ya jury ndiyo idapambana pamapeto. Kunena kwina, gulu likangopendekera uku, ochepa otsalawo amavutika kulibweza. Max Gluckman, amene adakhala m'mabwalo a Alozi ku Zambia m'zaka za m'ma 1940 nalemba buku lake mu 1955, adaona kuti kumeneko nduna zazing'ono ndizo zidali kuyamba kunena maganizo awo, zikuluzikulu n'kumatsatira, wamkulu koposa n'kutsiriza. M'mabwalo athu ambiri namonso amfumu amadikira nduna zithe kulankhula. Nzeru yake njoonekeratu. Wamkulu akayamba, ang'ono amangovomereza, ndipo mitu khumi imasanduka mutu umodzi, umene akuluakulu adati susenza denga.

Achinyamata ambiri otsiriza sukulu ndiwo amakhala alembi a mafumu, a makomiti a chitukuko ndi a mipingo. Aphunzitsi nawo amazenga milandu tsiku ndi tsiku, ya cholembera chosowa, ya ndewu ya pa bwalo la mpira, ya mwana woganiziridwa kuti wabera mayeso. Onsewa akhoza kutolapo kanthu pa kafukufukuyu. Mboni zifunsidwe payekhapayekha, ndipo funso likhale lakuti, "Mudaona chiyani?" popanda kuziikira mau m'kamwa. Wosatha kulankhula athandizidwe kuyala nkhani yake kuyambira pa chiyambi asanaweruzidwe. Kukula kwa chindapusa kusatchulidwe mlandu usanathe, kuopa kuti nambala yoyambayo ingakhale chikhomo. Amene ali pa chibale ndi mbali imodzi apatuke, ngakhale akhale wotsimikiza kuti mtima wake uli woongoka. Wamkulu alankhule potsiriza. Ndipo mlembi alembe chigamulo chilichonse pamodzi ndi zifukwa zake, kuti pakutha pa chaka anthu athe kutsegula bukulo ndi kuona ngati mbuzi ya wolemera ndi ya wosauka zidalipitsidwa mofanana.

Mfundo yotsirizayi ndiyo yaikulu, ndipo ikhudza makhoti a boma monga momwe ikhudzira bwalo la pansi pa mtengo. Tsiku lina aphungu adzakambirananso ngati anthu wamba ayenera kubwerera pa mipando ya jury pa milandu yakupha. Tsiku limenelo kudzakhala bwino ngati patebulo padzakhale mabuku owerengedwa: milandu ingati idazengedwa, oganiziridwa adadikira zaka zingati, zigamulo zingati zidagwetsedwa pa apilo. A Orton Chirwa adali nduna yoyamba ya zamalamulo ya dziko lino, komabe adaima pamaso pa khoti wopanda womuimira. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

M'chigawo chotsatira tidzaona za belo, ndi chifukwa chake anthu ena amakhalitsa m'ndende mlandu wawo usanazengedwe.